Mafunso ndi mayankho: mmene moto umayendera m'fumbi la malasha

Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa ophunzira a sayansi kuno ku Zomba, eni zigayo, akalipentala, ogulitsa makala, komanso makolo omwe ana awo ali pa ntchito ku migodi ya malasha ku Rumphi, ku Karonga kapena kunja kwa dziko lino. Tayamba ndi osavuta. Ngati yankho lakhudza nkhani yomwe yafotokozedwa kale, takulozerani komwe ili.

Kodi n'zoona kuti fumbi la malasha limaphulika?

Inde, n'zoona. Fumbi losalala la malasha likauluka n'kudzaza mpweya, kenako n'kukumana ndi moto, limayaka lonse kamodzin'kamodzi. Zikachitikira pamalo otsekeka monga mu mgodi, m'chipinda kapena m'paipi, kuyakako kumasanduka kuphulika. Sipafunika petulo kapena wonga. Fumbi, mpweya ndi kamoto kochepa zimakwana.

Nanga bwanji mbulu wa malasha umavuta kuyatsa pomwe fumbi lake limayaka msanga chotere?

Moto umadya chinthu kuyambira kunja, pomwe chikukhudzana ndi mpweya. Mbulu wa malasha uli ndi kunja kochepa poyerekeza ndi kulemera kwake, ndiye mkati mwake mumadikira mpaka moto utafikamo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Kambulu ka mbali zisanu ndi imodzi, ka sentimita imodzi mbali iliyonse, kali ndi kunja kokwana masikweya sentimita 6. Mukakaphwanya kukhala tizidutswa ta milimita 0.1, mupeza tizidutswa 1,000,000, ndipo kunja kwake konse pamodzi kukwana masikweya sentimita 600. Malasha ake ndi omwewo, kulemera sikunasinthe, koma malo okumana ndi mpweya achuluka ka 100. Komanso kachidutswa kakang'ono kamatentha mpaka mkati m'kanthawi kosakwana kuphethira kwa diso, pomwe mbulu umamwa kutentha pang'onopang'ono.

Fumbi loopsa kwambiri ndi losalala kuposa milimita 0.075, lomwe ndi lopyapyala ngati tsitsi la munthu kapena kuposa apo. Tizidutswa tofika pafupifupi milimita imodzi timatha kuthandizira moto ukakula kale, koma woyambitsa ndi wotsogolera ndi fumbi losalalalo.

Kodi moto umayenda bwanji kuchoka pa kachidutswa kena kupita pa kena?

Apa ndiye pagona nkhani yonse, choncho tifotokoza mofatsa.

Malasha si kaboni yekhayekha. Mkati mwake muli zinthu zomwe zimasanduka mpweya woyaka ndi nthunzi ya phula zikatenthedwa. Kachidutswa ka fumbi kakafika pa madigiri pafupifupi 400, kamayamba kutulutsa mpweya umenewu. Mpweyawo umasakanikirana ndi okosijeni wozungulira kachidutswako n'kuyaka. Ndiye malawi omwe mumawaona akuthamanga mu mtambo wa fumbi kwenikweni ndi mpweya wotuluka m'fumbilo. Chotsala cha kachidutswako, chomwe ndi khala louma, chimanyeka pambuyo ndipo chimachedwa. N'chifukwa chake mu mgodi momwe mwaphulika mumapezeka fumbi lowauka litamatirira pa mizati ndi m'makoma: moto unangodya mpweya wake n'kupitirira.

Kachidutswa koyakako kamatenthetsa tinzake tapafupi m'njira zitatu. Mpweya wotentha umakhudza mpweya wozizira womwe uli kutsogolo. Mpweya wotenthawo umafufuma n'kukankhira kutsogolo, kunyamula kutentha. Komanso malawi a malasha amakhala ndi mwaye wonyezimira womwe umaponya kutentha patali, monga mmene nkhope imamvera moto musanauyandikire. Tizidutswa tolandira kutenthako nato timatulutsa mpweya wake, n'kuyaka, n'kutenthetsa ena akutsogolo.

Amene anaonapo lupsa likukwera phiri la Zomba m'mwezi wa Okutobala amvetsa msanga. Udzu womwe ukuyaka umaumitsa ndi kuyatsa womwe uli patsogolo pake. Pomwe udzu ndi wapatalipatali moto umazilala, ndipo mphepo ikawomba umathamanga kuposa munthu. Fumbi nalonso limatero, kungoti zonsezi zimatha m'kachigawo ka sekondi.

Moto umapitirira pokhapokha ngati kutentha kotuluka m'tizidutswa toyaka kukukwanira kufikitsa totsatira pa msinkhu woyaka. Chilichonse chomwe chimaba kutenthako, kaya ndi madzi, phulusa kapena fumbi la miyala, chimafooketsa moto. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa njira zonse zodzitetezera zomwe zili m'munsimu zatsamira pa iyo.

Pamafunika fumbi lochuluka bwanji kuti moto uyende?

Kwa malasha omwe amayaka mosavuta, malire apansi ali pakati pa magalamu 50 ndi 100 pa kiyubiki mita ya mpweya, kutanthauza bokosi la mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi mu msinkhu. Pansi pa malirewa tizidutswa timatalikirana kwambiri ndipo moto umafa. Kuphulika kwamphamvu kwambiri kumachitika fumbi likakhala magalamu mazana angapo pa kiyubiki mita. Likachulukitsitsa, okosijeni amaperewera ndipo fumbi lotsalalo limangomwa kutentha, koma malire apamwambawa sangadaliridwe, chifukwa mtambo sukhala wofanana paliponse ndipo fumbi likamatsika pansi umapyapyala n'kubwerera pa mlingo woopsa.

Mtambo wa magalamu 50 pa kiyubiki mita ndi wakuda bii. Babu la magetsi lomwe lili pa mamita awiri simungalione, ndipo munthu sangapumemo. Fumbi lomwe timaliona likuyandama pa kuwala kwa dzuwa m'chipinda chogwirira ntchito silifika pamenepo.

Ngati mtambo wotere suoneka tsiku ndi tsiku, vuto lili pati?

Vuto lili pa fumbi logona. Limakhala phee pansi, pa mitanda ya denga, pamwamba pa makina ndi pa mawaya, osavutitsa munthu, ndipo ambiri saliwerengera.

Tiwerengerenso. Fumbi lokhuthala milimita imodzi, pa malo a sikweya mita imodzi, limalemera pafupifupi magalamu 500. Chinachake chikaliulutsa m'chipinda cha denga la mamita 5, kiyubiki mita iliyonse ilandira magalamu 100. Malire aja akwana. Ndiye fumbi lomwe mungalembepo dzina ndi chala ndi lokwanira kudzaza chipinda chonse ndi mtambo woyaka. Lomwe lili pamwamba ndilo loipitsitsa, chifukwa ndi losalala kwambiri, ndi louma, ndipo likagwedezeka limagwa lokha n'kumwazika m'mpweya.

N'chiyani chimayatsa mtambo wa fumbi?

Moto uliwonse wapoyera: machesi, ndudu, kandulo, kuwotcherera zitsulo. Mbaliwali za magetsi zochokera pa waya wong'ambika kapena pa switchi. Beringi yotentha, lamba wokhula pa chitsulo, mano a makina okumba akagunda mwala wolimba. Mu mgodi mulinso wonga wophwanyira miyala ndi mpweya wa methane, womwe uli ndi funso lakelake m'munsimu.

Mtambo wa fumbi la malasha umayaka ukakhudza chinthu chotentha madigiri 500 mpaka 600. Koma fumbi logona pa chitsulo chotentha limayamba kunyeka pa madigiri ochepa kwambiri, cha m'ma 200, chifukwa limafunditsa kutenthako osakulola kuthawa. Mota yokutidwa ndi fumbi imatentha kuposa mmene iyenera, fumbilo limanyeka mwakachetechete, ndipo tsiku lina wina akaligwedeza, khala lofiira limakumana ndi mtambo.

Kodi kuyaka ndi kuphulika zimasiyana pati?

Kusiyana kuli pa kutsekeka kwa malo. Moto wa fumbi umatenthetsa mpweya kuposa madigiri 1,500, ndipo mpweya wotentha chotere umafuna malo ochuluka kangapo kuposa omwe unali nawo. Pabwalo umafufuma momasuka: pamabuka chimoto chachikulu chomwe chimawaula aliyense ali pafupi, kenako n'kuzima. M'chipinda chotsekeka mpweyawo umasowa kolowera ndipo umakankha makoma. M'mayeso a m'chitsulo chotsekeratu, fumbi la malasha limafikitsa mphamvu yokankha ka 6 kapena ka 7 kuposa ya mpweya wa masiku onse. Khoma la njerwa limagwa ndi kachigawo kakang'ono chabe ka mphamvu imeneyi.

Musapeputse moto wapabwalo uja. Mu 2015 ku Taiwan, ufa wa chimanga wopaka mitundu womwe ankauwaza pa chisangalalo unayaka pakati pa khamu la achinyamata. Anthu mazana anapsa ndipo 15 anamwalira, pamalo opanda makoma otsekera.

N'chifukwa chiyani mu mgodi moto umafika kutali kwambiri?

Chifukwa umadzikonzera wokha chakudya uku ukuyenda.

Mu mpweya wodekha, malawi a fumbi la malasha ndi aulesi, sakwana ndi mita imodzi yomwe pa sekondi. Koma mu mgodi mpweya sudekha. Kuphulika koyamba, ngakhale kutakhala kochepa, kumatumiza chimphepo chomwe chimathamanga patsogolo pa malawi. Chimphepocho chimasesa fumbi lonse logona pansi, m'makoma ndi kudenga, n'kulisandutsa mtambo. Malawi akamafika amapeza mtambo uli chile. Ukayaka, mpweya umafufumanso, chimphepo chimakula, fumbi lina la kutsogolo limadzuka.

Mizati, makina, ngolo ndi makona a njira zimavundula mpweya womwe ukuthamangawo. Mpweya wovunduka umapinda malawi n'kuwatambasula, kotero kuti amakhudza fumbi lochuluka nthawi imodzi, ndipo liwiro limakwera. Liwiro likakwera, kuvundukako kumakulanso. Njira ya mu mgodi ndi yaitali komanso yopapatiza, mphamvu ilibe kothawira koma kutsogolo, ndiye moto womwe unayamba mwaulesi umafika pa mamita mazanamazana pa sekondi, ndipo pa ngozi zoopsa kwambiri umaposa liwiro la phokoso. Suima mpaka fumbi litatha kapena utakumana ndi chouzimitsa.

Ku Courrières m'dziko la France, pa 10 Malichi 1906, moto wotere unasesa njira za pansi pa nthaka zotalika makilomita oposa 100 ndipo unapha anthu 1,099. Kuphulika koyamba nthawi zambiri kumakhala kwa malo amodzi. Komwe kumapha anthu ochuluka ndi kwachiwiri, kwa fumbi lomwe linagona kwa miyezi popanda wolichotsa.

Nanga mpweya wa methane ukubwera pati?

Methane ndi mpweya wopanda fungo womwe umakhala m'malasha pansi pa nthaka ndipo umatuluka akamakumba. Umayaka ukakhala pakati pa magawo 5 ndi 15 pa magawo 100 a mpweya, ndipo kambaliwali kakang'ono kamakwana kuuyatsa, kochepa kwambiri kuposa komwe fumbi limafuna. Ndiye kawirikawiri methane ndiye amayamba, fumbi n'kupitiriza monga tafotokozera m'funso lapitali.

Chinanso, methane wochepa, wosakwana kuyaka payekha, akasakanikirana ndi fumbi lochepa, losakwana kuyaka palokha, ziwirizi pamodzi zimatha kuyaka. Choncho chida choyezera methane chikasonyeza mlingo wapansi, sizitanthauza kuti fumbi laleka kuopsa.

Fumbi limathanso kuphulika popanda methane. Ku mgodi wa Miike ku Japan mu 1963, ngolo za malasha zinaduka n'kutsetsereka m'njira yotsika, zinadzutsa fumbi, ndipo mbaliwali zinaliyatsa. Anthu 458 anafa.

Kodi malasha onse ndi oopsa mofanana?

Ayi. Popeza malawi amadya mpweya wotuluka m'fumbi, malasha omwe ali ndi mpweya wambiri woterowo ndiwo oopsa. Mtundu wa phula lambiri wotchedwa bituminous ndi mitundu yofewerapo ili m'gulu limeneli. Anthracite, malasha olimba onyezimira, ali ndi mpweya wochepa kwambiri ndipo fumbi lake silifalitsa moto. Malasha omwe amakumbidwa kumpoto kwa dziko lino, monga ku Mchenga m'boma la Rumphi, si anthracite, choncho fumbi lake liyenera kutengedwa ngati loyaka. Phulusa ndi chinyezi chomwe chili m'malasha zimachepetsako ukali, koma malasha a phulusa lochuluka amaphulikabe akasalala ndi kuuma.

Kodi ngozi yotere inakhudzapo Amalawi?

Inde. Pa 6 Juni 1972, mgodi wachiwiri wa Wankie, komwe lero kumatchedwa Hwange m'dziko la Zimbabwe, unaphulika ndi methane pamodzi ndi fumbi la malasha. Anthu 427 anafa, ndipo ena mwa iwo anali Amalawi omwe anapita kukagwira ntchito, pamodzi ndi anzawo a ku Zambia, Mozambique ndi Tanzania. Matupi ambiri sanatulutsidwe, mgodiwo anangoutseka. Mpaka lero chaka chilichonse pa tsikuli anthu amasonkhana pa malo a mgodiwo, otchedwa Kamandama, kuwakumbukira. Pali mabanja m'midzi mwathu omwe analira maliro opanda manda chifukwa cha ngozi imeneyi, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ana athu ambiri amamaliza sukulu osaimvapo.

Ngozi yomwe inapha anthu ochuluka kuposa zonse m'mbiri ya migodi ya malasha inachitika ku Benxihu m'dziko la China pa 26 Epulo 1942, pomwe anthu 1,549 anafa. Ku Senghenydd m'dziko la Wales mu 1913 kunafa anthu oposa 430. Ndipo si nkhani yamakedzana yokha: mu 2010, ku mgodi wa Upper Big Branch ku America, methane anayaka pa makina okumba, fumbi n'kufalitsa motowo, anthu 29 n'kufa.

Kodi anthu anazindikira liti kuti fumbi ndilo limafalitsa moto?

Mochedwa. Kwa zaka zambiri mlandu wonse unkagwera methane. Mgodi wa Haswell ku England utaphulika mu 1844 n'kupha anthu 95, akatswiri a sayansi Michael Faraday ndi Charles Lyell anatumidwa kukafufuza, ndipo ananena kuti fumbi la malasha linakulitsa motowo. Mawu awo sanagwiridwe ntchito msanga. Katswiri wa za migodi William Galloway anachita mayeso ku Wales m'zaka za m'ma 1870 osonyeza zomwezo, koma ambiri anakanabe. Ngozi ya ku Courrières ndi yomwe inatsegula maso, ndipo pambuyo pake mayiko a France, Britain ndi America anakonza malo oyeserako kuphulika kwa fumbi mwadala. Pakati pa chenjezo la Faraday ndi kusintha kwa malamulo panadutsa zaka zoposa 60, ndipo omwe analipira kuchedwako anali anthu okumba.

Chimapha anthu kwenikweni n'chiyani: moto kapena chiyani?

Omwe ali pafupi amafa ndi moto, chimphepo ndi zinthu zouluka. Koma ochuluka amafa pambuyo pake ndi mpweya woipa. Fumbi likamayaka mothamanga okosijeni amaperewera, ndipo pamatuluka carbon monoxide, mpweya wa poizoni wopanda fungo kapena mtundu. Umalowa m'magazi n'kulanda malo a okosijeni, munthu n'kufooka, kukomoka, osadzukanso. Ku Miike kuja, ambiri mwa anthu 458 anafa ndi mpweya umenewu osati moto, ndipo mazana ena omwe anapulumuka anatsala ndi ubongo wovulala. N'chifukwa chake pa migodi yosamala wokumba aliyense amayenda ndi kachida kopumira pa lamba wake, ndipo amaphunzitsidwa kukavala msangamsanga mumdima.

Kodi migodi imadziteteza bwanji?

Njira yaikulu ndi yodabwitsa kwa woimva koyamba: amathira fumbi lina. Amagaya miyala ya laimu kukhala ufa wosalala n'kuuwaza pansi, m'makoma ndi kudenga kwa njira zonse, mpaka mgodi umaoneka woyera. Chimphepo chikabwera, ufa wa miyalawo umadzuka pamodzi ndi fumbi la malasha. Uwo suyaka, koma umamwa kutentha ndi kutchinga kuwala kwa malawi, ndiye tizidutswa ta malasha takutsogolo sitifika pa msinkhu woyaka. Moto umafa ndi njala. Ku America lamulo limafuna kuti magawo 80 pa 100 a fumbi la m'njira za mu mgodi akhale osayaka. Kuwaza kamodzi sikukwana, chifukwa fumbi latsopano la malasha limagwa pamwamba tsiku lililonse, ndipo kachiyalo kopyapyala kapamwambako ndi komwe kamayamba kudzuka.

Njira yachiwiri ndi zotchinga. Kudenga amaika mashelefu odzaza ufa wa miyala kapena mabeseni a madzi, okonzedwa kuti chimphepo chiwagubuduze malawi asanafike. Njirayi anaiyambitsa ndi Jacques Taffanel wa ku France pambuyo pa Courrières. Ku South Africa, pa malo oyesera a Kloppersbos, anakonza zopachika timatumba ta ufa wa miyala tomwe timang'ambika ndi chimphepo.

Zina ndi kupemerera madzi pa mano a makina okumba, kuyendetsa mphepo yokwanira kuti methane asaunjikane, kuyeza mpweya nthawi ndi nthawi, kugwiritsa ntchito zida za magetsi zotsekeredwa bwino, ndi kuletsa machesi ndi fodya pansi pa nthaka. Ngati muli ndi mbale wanu ku mgodi, mufunseni ngati amawaza ufa wa miyala komanso ngati ali ndi chopumira chake. Si mafunso amwano.

Kodi kungothira madzi sikungakwane?

Madzi amathandiza m'njira ziwiri: amamata fumbi kuti lisauluke, komanso amamwa kutentha. Vuto ndi loti fumbi losalala la malasha limakana madzi, limayandama pamwamba, ndipo lomwe lanyowa lero mawa lauma. Madzi ndi othandiza pomwe fumbi likupangidwira, koma salowa m'malo mwa kuchotsa fumbi kapena kuwaza ufa wa miyala.

Kuno ku Zomba kulibe mgodi wa malasha. Nkhaniyi ikutikhudza bwanji?

Ikutikhudza chifukwa zonse tafotokozazi zimachitikanso ndi fumbi la chinthu chilichonse choyaka: ufa wa chimanga, gaga, fumbi la mpunga, utuchi wosalala, shuga, fumbi la fodya. Chigayo chachikulu cha tirigu ku Minneapolis m'dziko la America chinaphulika mu 1878 n'kupha anthu 18. Fakitale ya shuga ku Port Wentworth m'chigawo cha Georgia ku America komweko inaphulika mu 2008 n'kupha anthu 14, ndipo ofufuza anapeza kuti shuga wogona m'nyumbamo ndi amene anafalitsa motowo.

Tili ndi zigayo m'misika yonse, ku Chinamwali, ku Matawale, ku Songani, ku Thondwe, ku Jali. Tili ndi makina opunthira mpunga wochokera ku madambo a Chilwa. Tili ndi ocheka matabwa a paini ndi akalipentala opala ndi makina. Zigayo zathu n'zazing'ono ndipo zambiri zimakhala zotsegula zitseko, zomwe zimachepetsa chiopsezo cha kuphulika kwakukulu. Koma mukalowa m'chigayo china kwezani maso: ufa uli mbuu pa mitanda, pa mawaya ndi pa mota. Mkati mwa chigayo chenichenicho ndi m'paipi yotulutsa ufa, mtambo wofika malire aja umakhalamo nthawi yonse makina akamalira. Msomali kapena mwala ukalowa ndi chimanga umatha kuthethetsa moto mmenemo. Moto wa kanthawi kochepa umakwana kuwaula nkhope ndi manja a wogayitsa, ndipo m'chigayo mumakhala amayi obereka ana kumbuyo.

Nanga fumbi la makala athu a pa mbaula?

Nalonso limayaka likauluka. Makala ootcha m'mauvuni a dothi amatsala ndi mpweya woyaka ndithu, ndipo fumbi lake ndi lopepuka. Wogulitsa makala pamsika, panja, sali pa chiopsezo cha kuphulika. Ofunika kusamala ndi omwe amasinja ndi kusefa makala popanga timibulu tophikira, makamaka akamachitira m'chipinda chotseka momwe mulinso mbaula yoyaka. Ndipo musakhuthulire nyenyeswa zapansi pa thumba pa moto mutaweramirapo. Pa nkhani ya makala, chomwe chimapha anthu kwambiri ndi carbon monoxide uja, mbaula ikalowetsedwa m'chipinda chogona m'miyezi yozizira.

Sitima za malasha zomwe zimadutsa pa Liwonde zingaphulike ndi fumbi?

Malasha a ku Moatize omwe amadutsa pa Liwonde ndi pa Nayuchi kupita ku Nacala amayenda panja, pomwe fumbi louluka limamwazika lisanafike pa malire omwe tatchula, ndipo palibe makoma olitsekera. Kuphulika kwa fumbi si chodetsa nkhawa pamenepo. Malo ofunika kuyang'anira ndi otsekeka: mogayira malasha, mosungira, ndi m'ngalande za malamba onyamulira.

Kodi mulu wa malasha ungayake wokha?

Ungayake. Malasha amamwa okosijeni pang'onopang'ono ngakhale pa kutentha kwa masiku onse, ndipo potero amatulutsa kutentha pang'ono. M'mulu waukulu momwe mpweya ukulowa koma kutentha sikukutuluka, mkati mumatentherabe mpaka kunyeka. Zizindikiro zake ndi nthunzi, fungo la phula ndi malo ofunda pa muluwo. Osunga malasha amautsendera mulu kuti mpweya usalowe, kapena amauyala kuti ukhale waufupi. Kufukula mulu wonyeka mwaphuma n'koopsa, chifukwa kumadzutsa fumbi pamwamba pa makala ofiira.

Ngati n'loopsa chotere, bwanji mafakitale ena amagaya malasha mwadala?

Chifukwa kuyaka msanga komweko n'kothandiza kukakhala m'manja mwa munthu. Malo opangira magetsi a malasha ndi mauvuni a simenti, ngati omwe anali ku Changalume kuno ku Zomba, amafuna moto wotentha kwambiri. Mafakitale ambiri otere amagaya malasha kukhala ufa n'kuwauzira m'ng'anjo pamodzi ndi mpweya, ndipo kachidutswa kalikonse kamapsa m'masekondi ochepa. Mpweya umauziridwa mothamanga kuposa liwiro lomwe malawi angabwerere nalo m'paipi. Mogayiramo amachepetsa okosijeni polowetsa mpweya wopsa kale, chifukwa okosijeni akatsika kuchoka pa magawo 21 a masiku onse kufika cha m'ma 11 kapena 12, fumbi la malasha silifalitsanso moto. Amaikanso zitseko zofooka mwadala zomwe zimatseguka zokha kuti mphamvu ya kuphulika itulukire kunja komwe kulibe anthu.

Mwini chigayo kapena shopu ya matabwa achite chiyani?

Choyamba, chotsani fumbi logona, kuyambira pamwamba: mitanda, mawindo, mawaya, pamwamba pa mota. Chitani zimenezi makina atazimitsidwa, pang'onopang'ono, ndi burashi yofewa kapena nsalu yonyowa. Musaliuzire ndi mpweya wa kompuresa, chifukwa mukatero mukupanga nokha mtambo uja. Mukazolowera kutero sabata iliyonse, silifika pokhuthala.

Musalole kusuta, kandulo kapena mbaula mkati. Magetsi akazima gwiritsani ntchito tochi. Mawaya olumikiza ndi pulasitiki ya jumbo achotsedwe, switchi ikhale m'bokosi lotseka. Beringi ikayamba kulira kapena kutentha, imitsani makina. Ikani maginito polowera chimanga kuti igwire misomali, ndipo limbikitsani ogayitsa kupeta bwino. Wowotcherera akabwera kudzakonza chigayo, yambani mwatsuka mkati ndi kuzungulira ponse, ndipo akamaliza wina atsale kuyang'anira kwa kanthawi, chifukwa ufa umanyeka mobisala.

Nanga moto ukabuka pa mulu wa ufa, utuchi kapena fumbi la malasha?

Tulutsani anthu kaye, muzimitse magetsi pa switchi yaikulu, ndipo wina aimbire ozimitsa moto. Musaukwapule ndi thumba kapena nthambi, musaufukule ndi fosholo, ndipo musauthire madzi a mphamvu kapena kuukhuthulira ndowa mwamphamvu, chifukwa zonsezi zimadzutsa fumbi pamwamba pa moto. Ngati moto ndi waung'ono ndipo magetsi azima, nyowetsani pang'onopang'ono ndi madzi owaza ngati mvula yamawawa, kuyambira m'mbali, inu muli chakukhomo. Ukaoneka kuti wazima, muluwo utulutsidwe panja uli wonyowa ndipo uyalidwe patali ndi nyumba, popeza mkati mumatha kutsala moto.

Fumbi likakhala lochepa losafika poyaka, ndiye kuti lilibe vuto?

Lili nalo, koma la mtundu wina. Mlingo womwe umawononga mapapo ndi wochepa kambirimbiri kuposa woyaka: umayezedwa m'mamiligalamu pa kiyubiki mita, osati magalamu. Wokumba yemwe wapuma fumbi la malasha kwa zaka zambiri amadwala nthenda ya mapapo akuda, yomwe ilibe mankhwala oichiza, ndipo fumbi la miyala ya silika limayambitsa nthenda inanso yomwe imatsegulira njira chifuwa chachikulu. Ufa ndi utuchi zimayambitsa mphumu. Kansalu komanga pamphuno sikatchinga fumbi losalala kwambiri, pamafunika chophimba chopangidwira fumbi chomwe chikugwira bwino nkhope. Amene wagwira ntchito m'fumbi kwa zaka ndipo akutsokomola kosalekeza kapena kubanika akamakwera chitunda apite kuchipatala, ndipo akawauze adokotala mtundu wa ntchito yomwe ankagwira ndi zaka zomwe anaigwira.